Malipiro a famasisiti ku Harare ndi kwina: boma, famase za m'tauni, mafakitale, mabungwe kapena kunja kwa dziko

M'mabanja ambiri a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth, kumene Chichewa chimayankhulidwabe pakhomo ngakhale ana amasewera m'Chishona, mwana akapeza malo ophunzira za mankhwala ku University of Zimbabwe kapena ku Harare Institute of Technology, makolo amaona ngati umphawi watsanzika. Chiyembekezo chimenechi chili ndi maziko ake, chifukwa ntchito ya famasisiti, katswiri wokonza ndi kupereka mankhwala, ndi yolemekezeka ndiponso yotetezedwa ndi lamulo, moti palibe famase, sitolo yogulitsa mankhwala, imene ingatsegule zitseko popanda munthu wa layisensi woiyang'anira. Komabe anthu awiri amene anakhala m'kalasi imodzi kwa zaka zinayi, nachita limodzi chaka chophunzira ntchito asanalembedwe m'kaundula wa Pharmacists Council of Zimbabwe, angapezeke patapita zaka zochepa wina akumanga nyumba ku Ruwa pamene mnzake akuvutika ndi lendi ya zipinda ziwiri. Kusiyana kumeneku kumachokera kwa amene wakulembani ntchito, ku dera limene mukugwirako, ndiponso, koposa zonsezi, ku mtundu wa ndalama imene malipirowo amabwera nayo.

Ndiyambira pa mtundu wa ndalamawo, pakuti m'dziko muno kuyerekeza malipiro osautchula n'kungotaya nthawi. Kuchokera mu 2009, pamene dziko linasiya ndalama yake n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America, ndondomeko ya ndalama yasintha kangapo: mu February 2019 kunabwera ndalama ya dziko lino yotchedwa dola ya RTGS, mu June chaka chomwecho ndalama zakunja zinaletsedwa pa malonda a m'dziko, mu 2020 zinaloledwanso, ndipo pa 5 April 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya dziko lino yotchedwa ZiG pa mtengo wa 13.56 pa dola imodzi ya ku America. Kumapeto kwa September chaka chomwecho banki yaikulu inatsitsa mphamvu ya ZiG kufika pafupifupi 24.4 pa dola imodzi. Tiyerekeze kuti munthu anasayina kontrakiti ya ZiG 13,560 mu April, imene panthawiyo inali yofanana ndi madola 1,000. Pofika October ndalama yomweyo inali itatsala pafupifupi madola 555, ngakhale kuti maola a ntchito ndi udindo wake sizinachepe n'pang'ono pomwe. Mwini nyumba ku Harare amafuna lendi m'madola, sukulu zambiri zimafuna madola, ndipo mafuta a galimoto amagulidwa m'madola. Choncho funso loyamba kwa wolemba ntchito aliyense likhale lakuti ndi gawo lanji la malipiro limene lidzabwere m'madola enieni, ndiponso ngati lidzaperekedwa pamanja kapena kudzera mu akaunti ya kubanki ya ndalama zakunja yotchedwa nostro, kumene kutapa ndalamayo kumakhala ndi mtengo wakewake.

Zipatala za boma

Famasisiti wa ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe Central Hospital imene ambiri amaitchabe kuti Gomo, kapena ku Chitungwiza Central Hospital ali pansi pa Health Service Commission, bungwe lolemba ntchito antchito azaumoyo a boma, ndipo malipiro ake amatsata giredi, osati kuchuluka kwa odwala amene wawathandiza. Gawo lina la malipirowo limabwera m'madola, lina mu ZiG, ndipo pamwamba pake pamaikidwa maalawansi a nyumba, mayendedwe ndi kuitanidwa usiku. Tikaphatikiza zonse, ndalama imene amapita nayo kunyumba nthawi zambiri imakhala yotsika poyerekeza ndi ya mnzake wa pa famase yoyenda bwino ya m'tauni, ndipo mwayi wokakamiza boma kuti likweze malipiro unachepa kwambiri pamene lamulo losintha Health Service Act linayamba kugwira ntchito mu January 2023, popeza limaletsa ogwira ntchito zaumoyo kunyanyala ntchito kupitirira maola 72 ndipo limaika chilango cha ndende kwa olimbikitsa sitiraka yosaloledwa.

Ngakhale zili choncho, ndimaona kuti achinyamata ambiri amafulumira kunyoza ntchito ya boma. Malipiro ake amabwera mwezi uliwonse, bonasi imatuluka kumapeto kwa chaka, tchuthi cha uchembere ndi cha maphunziro chimalemekezedwa, ndipo munthu sachotsedwa ntchito chifukwa chakuti malonda a mwezi umenewo sanayende. Chachikulu koposa ndi luso limene munthu amalitola kumeneko. Pachipatala chachikulu famasisiti amakonza mankhwala a khansa, amayendetsa ndondomeko ya ma ARV ndi mankhwala a TB kwa anthu masauzande, amaphunzira kuitanitsa katundu ku NatPharm (kampani ya boma yosunga ndi kugawa mankhwala), kuwerengera mankhwala ofunika kwa miyezi ingapo, ndi kusunga katemera mozizira magetsi akazima. Mabungwe amene amalipira bwino kwambiri amafunsa luso limenelo ndendende akamalemba anthu ntchito, ndipo munthu amene wangokhala pakauntala ya famase kwa zaka zisanu sakhala nalo. Penshoni ya boma ndiyo imene sindingalangize munthu kuidalira kwambiri, chifukwa anthu a m'dziko muno anaona ndalama za penshoni zikusungunuka mu 2009, mpaka boma linakhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyi mu 2015 motsogozedwa ndi Justice George Smith, ndipo anazionanso zikusungunuka mu 2019.

Pali nkhani ina imene imakhudza makamaka mabanja athu. Ambiri mwa ife ndife ana kapena adzukulu a anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, ndipo kwa zaka zambiri ziphaso zathu zinkatisonyeza ngati alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, omwe anaikanso Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, anapereka unzika wobadwa nawo kwa amene anabadwira muno malamulowo asanakhazikitsidwe, ngati kholo lawo linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iwo ankakhala muno. Wophunzira amene akufuna ntchito ya boma aonetsetse kuti chiphaso chake chinasinthidwa asanamalize maphunziro, chifukwa kuthamanga ndi mapepala ku ofesi ya kaundula pamene malo a ntchito alengezedwa kale kumatayitsa mwayi.

Zipatala za mishoni, monga Howard ku Chiweshe ndi Karanda kufupi ndi Mount Darwin, zili pakatikati. Malo ambiri a ntchito kumeneko amalipidwa ndi boma pa magiredi omwewo, koma nyumba imaperekedwa, ndipo nthawi zina mpingo kapena opereka thandizo amaonjezerapo kenakake. Makiliniki a khonsolo ya mzinda wa Harare ali ndi ndondomeko yawoyawo ya malipiro, ndipo wofunsira ntchito kumeneko ayambe wafunsa amene alipo kale ngati malipiro akufika pa tsiku lake.

Famase za m'tauni

Kuno ndi kumene famasisiti ambiri amathera, ndiponso kumene malipiro amasiyana kwambiri pakati pa malo ndi malo. Lamulo la Medicines and Allied Substances Control Act limafuna kuti famase ikhale ndi famasisiti woiyang'anira nthawi yonse imene ili yotsegula, ndipo Medicines Control Authority of Zimbabwe, imene anthu amangoitcha MCAZ, imapereka layisensi ya malo ndi ya munthu payekha. Lamuloli ndi limene limapatsa famasisiti mphamvu pokambirana za malipiro, chifukwa popanda iye mwini bizinesi ayenera kutseka. Koma mphamvuyo imadalira kuchuluka kwa anthu ofuna malo omwewo, ndipo pakati pa mzinda wa Harare, kumene famase zathithikana mumsewu uliwonse ndipo omaliza maphunziro onse amafuna kukhala, mwini famase sachita mantha munthu akaopseza kuti achoka.

Ubwino wa famase ndi wakuti ogula ambiri amalipira m'madola pamanja, motero malipiro nawonso kawirikawiri amabwera m'madola. Famase za ku Avenues, zimene zazunguliridwa ndi zipinda za madokotala ndi zipatala zolipira, pamodzi ndi za ku Avondale ndi Borrowdale, zimagulitsa mankhwala okwera mtengo a matenda okhalitsa monga shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khansa, ndipo zimatha kulipira bwino kuposa famase ya ku Glen View kapena ku Budiriro imene phindu lake limachokera ku mankhwala a chimfine, a mutu ndi zodzoladzola. Komabe ambiri mwa makasitomala a kumpoto kwa mzindawu amagwiritsa ntchito makadi a inshuwalansi ya zachipatala yotchedwa medical aid, monga Cimas, First Mutual Health kapena PSMAS, ndipo famase imene yadalira kwambiri makadi imayembekezera ndalama zake kwa masabata kapena miyezi, nthawi zina n'kulipidwa mu ndalama imene yatha kale mphamvu. Kuchedwa kumeneko kumafika ndithu m'thumba la wantchito. Famase yaing'ono ya m'dera lothithikana anthu, imene imalandira madola tsiku ndi tsiku, ikhoza kukhala wolipira wokhulupirika kuposa yonyezimira ya m'sitolo zazikulu.

Malipiro a pamwezi a pa famase asayerekezedwe ndi a boma musanawagawe ndi maola. Famase zambiri zimatsegula Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi, zina zimafika usiku, ndipo famasisiti amaima tsiku lonse, akuyankha foni ya dokotala, akulimbana ndi kompyuta ya medical aid, akuyang'aniranso matekinishani ndi ogulitsa. Ngati wina akulandira madola 1,200 pa maola 60 pa sabata ndipo mnzake akulandira 900 pa maola 40, wachiwiriyo ndiye akulipidwa bwino pa ola lililonse, ndipo watsala ndi nthawi yochita lokamu, ganyu wa maola ochepa pa famase ina. Makampani okhala ndi nthambi zambiri amakonda kupereka kontrakiti yolembedwa, tchuthi, medical aid ndi mwayi wokwera kukhala woyang'anira nthambi zingapo, koma amaikanso mlingo wa malonda umene munthu ayenera kuufikira. Famase ya munthu mmodzi imalola kukambirana maso ndi maso, ndipo ena amapatsidwa gawo la phindu, koma pangano la pakamwa silithandiza tsiku limene mwiniwake wasintha maganizo.

Lokamu, kumene ndi kugwirira mnzako ntchito kwa maola ochepa iye akapuma, ndi mzati weniweni wa chuma cha famasisiti ambiri a mu Harare. Amalipidwa pa ola, kawirikawiri m'madola tsiku lomwelo, ndipo wa m'boma amene amachita lokamu madzulo ndi kumapeto kwa sabata amachepetsa kwambiri mpata umene uli pakati pa iye ndi mnzake wa m'tauni. Vuto lake n'lakuti ulibe tchuthi, ulibe penshoni, ndipo sabata imene munthu wadwala palibe cholowa. Chimene ndikuchenjeza mwamphamvu ndi mchitidwe wobwereketsa layisensi, pamene munthu wa ndalama amalipira famasisiti kuti chiphaso chake chipachikidwe pakhoma iye kulibe. Ndalamayo imaoneka yophweka, koma ofufuza a MCAZ akapeza mankhwala olowa mozemba kapena operekedwa popanda chikalata cha dokotala, dzina limene limapita ku komiti ya chilango ndi la mwini layisensi, ndipo munthu amene wachotsedwa m'kaundula sangapezenso kalata ya mbiri yabwino imene mayiko ena onse amaifuna.

Kutsegula famase yakoyako ndi njira yokhayo m'gululi imene ilibe malire a zimene munthu angapeze, koma pamenepo sitikunenanso za malipiro. Pamafunika ndalama ya lendi, mashelefu, firiji, jenereta kapena sola, katundu woyambira, malayisensi a MCAZ, a Health Professions Authority ndi a khonsolo, ndipo miyezi yoyamba mwiniwake ndiye amakhala womaliza kulipidwa.

Zipatala zolipira monga Avenues Clinic ku Harare kapena Mater Dei ku Bulawayo zimaphatikiza zabwino za mbali ziwiri, ndiko kuti ntchito ya m'mawodi ndi malipiro oposa a boma, koma malo ake ndi ochepa ndipo amene alowamo sachoka msanga. Nazonso zimadalira ndalama za medical aid, choncho funso la mtundu wa ndalama likhalepobe.

Mafakitale, maholoselo ndi ofesi zoyang'anira mankhwala

Dziko lino lili ndi makampani opanga mankhwala monga CAPS ndi Varichem ku Harare, komanso Datlabs ndi Plus Five ku Bulawayo, koma mankhwala ambiri amene timamwa amachokera kunja, makamaka ku India, kudzera kwa oitanitsa ndi maholoselo a ku Msasa, Graniteside ndi Southerton. Malipiro oyambira m'gawoli sadabwitsa, ndipo wachinyamata amene walowa m'chipinda choyeza ubwino wa mankhwala angamve nsanje poona mnzake wa pakauntala akugula galimoto iye asanagule. Kusiyana kumaoneka patapita zaka. Pa famase, munthu wa zaka ziwiri pantchito ndi wa zaka khumi amachita ntchito yofanana ndipo malipiro awo satalikirana kwambiri, pamene ku fakitale kuli makwerero enieni, kuchokera pa woyang'anira gawo kufika pa mkulu woona za ubwino wa mankhwala kapena za kalembera wa mankhwala atsopano, ndipo maudindo apamwambawo amabwera ndi galimoto, mafuta ndi thandizo la sukulu fizi. Maola ake ndi a masana, Lolemba mpaka Lachisanu, chinthu chimene mayi kapena bambo wa ana aang'ono amachiwerengera ngati ndalama.

Kugwira ntchito ku MCAZ kumatsegula khomo lina. Bungweli linafika pa mlingo wachitatu wa World Health Organization mu 2024, umene umasonyeza kuti ndondomeko yake yoyang'anira mankhwala ndi yokhazikika, ndipo lakhala m'gulu la ZAZIBONA kuyambira 2013, pamene Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia anayamba kuunikira limodzi mankhwala ofuna kulembetsedwa. Amene waphunzira kuunika mafayilo a mankhwala kapena kuyendera mafakitale amakhala ndi luso losowa mu Africa monse, limene makampani akunja ndi mabungwe a mayiko amalifuna, ndipo luso limeneli silifuna kuti munthu alembenso mayeso a kaundula wa dziko lina kuti aligwiritse ntchito.

Mabungwe othandiza

Kwa zaka zambiri malipiro apamwamba kwa famasisiti wolembedwa ntchito m'dziko muno akhala a m'mapulojekiti olipiridwa ndi Global Fund, PEPFAR (ndondomeko ya boma la America yolimbana ndi Edzi) ndi nthambi za United Nations, makamaka pa ntchito yogula, kusunga ndi kugawa mankhwala a HIV, TB ndi malungo, komanso pa kafukufuku woyesa mankhwala atsopano. Malipiro ake ndi a madola okhaokha, amafika pa tsiku lake, ndipo alawansi ya maulendo a kumaboma imaonjezera kwambiri. Koma kontrakiti zake ndi za chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo zimene zinachitika mu January 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja kenako n'kuthetsa USAID, bungwe lake lothandiza mayiko ena, zinaonetsa kuti ntchito ikhoza kutha ndi kalata imodzi yolembedwa ku Washington. Amene alowa m'mabungwe achite bwino kusunga gawo lalikulu la malipiro awo, apewe ngongole yaitali kuposa kontrakiti, ndipo asaleke kulipira chiphaso cha pachaka cha Pharmacists Council ngakhale ntchito yawo ili ya muofesi, kuti pulojekiti ikatha athe kubwerera pakauntala sabata yotsatira.

Kusiyana kwa madera m'dziko muno

Anthu amaganiza kuti ku Harare ndiko kuli ndalama, ndipo n'zoona kuti maudindo aakulu a m'mabungwe, m'mafakitale ndi ku unduna ali kuno. Kwa famasisiti wamba wa pa famase nkhani ndi yosiyana. Mwini famase ku Chiredzi, Chipinge, Gokwe kapena Karoi amavutika kupeza munthu wa layisensi wovomera kukakhala kumeneko, ndipo popeza sangatsegule popanda iye, nthawi zambiri amaonjezera nyumba kapena ndalama pamwamba pa zimene zimaperekedwa mumzinda. Tikachotsa lendi ya ku Harare, ndalama ya kombi kapena mafuta a m'misewu yodzaza, ndi madzi ogula pa matanki m'madera amene mipopi inauma, munthu wa m'tauni yaing'ono angathe kusunga zambiri ngakhale malipiro ake atakhala ofanana. Chimene amataya ndi lokamu, popeza famase ndi zochepa, ndiponso mwayi wa maphunziro apamwamba ndi wodziwana ndi anthu amene amalemba ntchito zazikulu.

Madera a migodi ndi minda ikuluikulu ayenera kuganiziridwa mwapadera. Ku Ngezi, Zvishavane ndi Shurugwi kuli migodi ya platinum, ku Hwange kuli malasha, ndipo ku Triangle ndi Hippo Valley kuli nzimbe. Makampani a kumeneko ali ndi zipatala kapena makiliniki a antchito awo, ndipo migodi imene imagulitsa katundu kunja imapeza ndalama zakunja, choncho imatha kulipira m'madola n'kuperekanso nyumba, magetsi ndi madzi. Kwa ambiri a ife madera amenewa si achilendo, chifukwa ndi kumene agogo athu anafikira, ndipo famasisiti wodziwa Chichewa amathandiza kwambiri nkhalamba za m'makomboni zimene zimafotokoza bwino matenda awo m'chilankhulo cha kwawo. Ku Bulawayo, mtunda wa makilomita pafupifupi 440 kuchokera kuno, lendi ndi yotsikirapo ndipo randi imayenda pamodzi ndi dola, monganso ku Beitbridge, choncho wolandira gawo la malipiro m'marandi aziyang'ana mtengo wosinthira ndalamayo.

Poyerekeza malo awiri, msonkho usaiwalike. Pa ndondomeko ya 2024 ya bungwe lotolera msonkho la ZIMRA ya malipiro a m'madola, madola 100 oyamba pamwezi sadulidwa msonkho, kenako msonkho umakwera pang'onopang'ono kuchokera pa 20 peresenti kufika pa 40 peresenti pa ndalama yopitirira madola 3,000, ndipo pamwamba pake pali msonkho wa Edzi wa 3 peresenti ya msonkhowo, kuphatikizapo chopereka cha ku NSSA, bungwe la boma la penshoni ya antchito. Pa malipiro a madola 1,500, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limapita ku msonkho. Olemba ntchito ena amatchula ndalama isanadulidwe, ena itadulidwa, ndipo anthu ambiri asankha molakwika chifukwa choyerekeza manambala awiri osafanana.

Kutsidya kwa malire

Manambala a kunja amakopa. Ku America malipiro apakatikati a famasisiti mu May 2023 anali madola 136,030 pachaka malinga ndi Bureau of Labor Statistics, ndipo kumeneko a m'zipatala amalandira zambiri kuposa a m'famase za malonda, mosiyana ndi mmene zilili pakati pa zipatala za boma ndi famase kuno. Koma khomo la ku America ndi lopapatiza kwa ife, chifukwa bungwe loyesa ophunzira kunja limafuna digiri ya zaka zisanu kwa aliyense amene anamaliza kuyambira January 2003, pamene digiri ya kuno ndi ya zaka zinayi. Amene akulakalaka kumeneko awerengeretu zaka zina za sukulu yokwera mtengo kwambiri.

Ku Britain njira ilipo koma ndi yaitali. General Pharmaceutical Council imafuna kuti wophunzira kunja achite kosi ya chaka chimodzi yotchedwa OSPAP pa yunivesite ya kumeneko, atsatize ndi masabata 52 ophunzira ntchito, kenako akhoze mayeso a kaundula. Akatero, m'zipatala za boma za NHS ku England amayambira pa giredi ya malipiro yotchedwa Band 6, imene m'chaka cha 2024/25 inkayambira pa mapaundi 37,338 pachaka, ndipo Band 7 inkayambira pa 46,148. Ndalamazi ndi zisanadulidwe msonkho, ndipo lendi ya ku London kapena Manchester imadya gawo lalikulu. Zimbabwe inaikidwa mu 2023 pa mndandanda wa World Health Organization wa mayiko osowa kwambiri antchito azaumoyo, pamene Malawi analipo kale, zimene zikutanthauza kuti olemba ntchito a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anthu kuno, ngakhale munthu payekha ali ndi ufulu wofunsira ntchito. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira zimakhala zolowetsa ndalama, osati zotulutsa, ndipo banja limene lagulitsa puloti kuti mwana apite lidziwiretu zimenezi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo munthu amene ali kale ndi udindo wabwino wa madola kuno aganize kawiri asanausiye chifukwa cha nambala ya pa intaneti.

South Africa ili pafupi, ndipo malipiro a m'zipatala za boma kumeneko ndi okwera kuposa a kuno, komanso makampani aakulu monga Clicks ndi Dis-Chem amalemba anthu ambiri. Mlendo ayenera kuunikitsa digiri yake ku bungwe loona za ziphaso za maphunziro la SAQA, kupeza chilolezo cha unduna wa zaumoyo, kukhoza mayeso a South African Pharmacy Council, ndi kukwaniritsa zofunika za kaundula wa kumeneko, kumene ngakhale nzika zimachita chaka chotumikira boma zisanaloledwe kugwira ntchito paliponse. M'zaka zaposachedwapa famasisiti a dziko lomwelo akhala akudandaula poyera za kusowa kwa malo a ntchito m'boma, choncho mlendo asayembekezere kulandiridwa ndi manja awiri. Botswana ndi Namibia akhala akulandira antchito azaumoyo ochokera kuno kwa nthawi yaitali, ndalama zawo ndi zokhazikika, ndipo ulendo wobwera kumaliro kapena kuukwati ndi wa basi, koma ntchito zake ndi za kontrakiti, ndipo mayiko onse awiri tsopano akuphunzitsa famasisiti awoawo amene amaikidwa patsogolo.

Ena mwa ife amaganizira za kumudzi ku Malawi, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kukafika ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Kumeneko kaundula ali m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, famasisiti amaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo olemba ntchito aakulu ndi boma, zipatala za mipingo za m'bungwe la CHAM, Central Medical Stores Trust imene imagula ndi kugawa mankhwala a zipatala za boma, mabungwe ndi famase za ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Malipiro amabwera m'makwacha, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene madola akhala osowa m'mabanki. Famasisiti amene akulandira madola pamanja ku Harare akasamukira ku ntchito ya makwacha amakhala atasiya chitetezo chimene anali nacho, pokhapokha ngati wapeza udindo m'bungwe limene malipiro ake amawerengedwa potsata dola, kapena ngati akupita ndi mpamba wokatsegula famase yake m'boma limene mulibe famase zambiri. Amene alibe unzika wa Malawi adzafunikanso chilolezo chogwirira ntchito, ngakhale agogo ake atakhala a ku Dedza kapena ku Mangochi, ndipo popeza Malawi anasintha lamulo lake kuti alole unzika wa mayiko awiri, ndi bwino kuyamba ndi nkhani ya mapepalayo musanatumize kalata yofunsira ntchito.

Kwa amene wangolembedwa kumene m'kaundula, maganizo anga ndi akuti zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba azithere pachipatala chachikulu, ku holoselo yodziwika kapena ku MCAZ, akudzithandiza ndi lokamu, chifukwa malo amenewa ndi amene amatsegula makomo a mabungwe, mafakitale ndi mayiko ena. Amene ali ndi abale ambiri omudalira ndipo sangadikire, famase ya m'tauni yaing'ono kapena chipatala cha mgodi chopereka nyumba chidzamusiyira ndalama zambiri m'manja kuposa kauntala ya pakati pa Harare. Kulikonse kumene wasankha, kontrakiti itchule momveka gawo la madola, tsiku lolandirira, maola a pa sabata ndi malipiro a maola oonjezera, amene adzalipire chiphaso cha pachaka ndi layisensi ya MCAZ, ndiponso chimene chidzachitike ndi malipirowo boma likasinthanso ndondomeko ya ndalama, popeza lamulo la mu 2023 linaloleza kugwiritsa ntchito dola ya ku America mpaka kumapeto kwa 2030.